Dengu la Amayi m'Kalasi ya Chifalansa

Ndiulule uchitsiru wanga ndisanafe. Ndili Fomu 1, ndinkakhulupirira kuti ku France mipando ndi mabotolo zimabadwa zazimuna ndi zazikazi zenizeni, ndipo ukazitembenuza umaona. Sekani, nanga inu munafikako?

Chinali chaka chimene kunabwera aphunzitsi a Chifalansa, dzinja lili pakati. Tiyi ankaphuka ngati wapenga, mitambo itakhala pa phiri la Chambe osasuntha, malaya osauma, ine matako osakhazikika pa benchi. Amalume ankandifuna ku esiteti. "Buku silithyola tiyi," ankatero. Ine ndinkafuna sukulu, koma ndinkafunanso kuseketsa anthu, ndipo ziwirizi sizigona m'nyumba imodzi.

Aphunzitsi anati aliyense abweretse kanthu ka kwawo, zinthu zikhale zosiyanasiyana, "divers, variés," tiphunzire kuzifotokoza. Chobiriwira chachimuna ndi "vert", chachikazi "verte", kamchira kowonjezera. Anzanga anabwera ndi nanazi, nandolo, nyemba za kalongonda m'chitini. Ine ndinanyamula dengu lothyolera tiyi la amayi, iwo ali kumjigo. Lamba wake anali wakuda ndi thukuta, dengulo likununkha masamba onyowa.

Nditafika kutsogolo ndinalitembenuza, n'kusuzumira kunsi.

"Ukufunanji, mnyamata?"

"Ndikuona ngati ndi mwamuna, sala."

Kalasi inagwa nako kuseka. Aphunzitsi omwe anapukuta misozi ndi dzanja la choko. Tsiku limenelo ndinali mfumu.

Koma ku esiteti wofika wopanda dengu sapatsidwa mzere wa tiyi woti athyole. Kapitawo anawabweza amayi, mzere wawo anapatsa wina. Madzulo amayi sanandimenye, anangofunsa kuti dengu m'Chifalansa amati chiyani. Ndinali nditaiwala. Pokwana mlungu amalume anagwada kwa kapitawo, mzere unabwerera, koma m'dzina langa. Chifalansa changa chinathera pa "verte", ndipo mpaka lero chidakali chobiriwira.

Dzana mdzukulu anabwera ndi homuweki ya Chifalansa, ine n'kuyambanso nthano yanga, kuti dengu linandidyera sukulu, amalume n'kumeza zotsala. Ana anaseka. Mayi a kunyumba sanaseke. Ana atatuluka, anati:

"Abambo, zaka zonsezi mukunamizira amalume anu. Apongozi anandiuza okha ndili mtengwa. Chifuwa chinali chitawadya kale, dengu lija ankalisenza akulavula magazi. Atakuonani mukuthawa nalo sanakuitaneni dala. Ankasowa pakamwa pokuuzirani kuti sukulu yatha."