Virginia wa ku Chilenje, Dokotala wa Nsomba za m'Galasi

Inu amene munalakwitsapo pantchito mpaka kuchotsedwa, ndipo mukakumbukira mtima umakupwetekanibe, imvani za Virginia wa ku Chilenje.

Tsiku limene anachotsedwa ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, Virginia anaima kunja kwa geti ndi chikwama chimodzi, maso atatupa ndi kulira. Mlandu wake unali wakuti anapha nsomba khumi ndi imodzi. Sizinali zandiwo ayi, koma zija zokongoletsa pabalaza, zosungidwa m'thanki yagalasi, zimene abwana ake aakazi ankazikonda ngati ana.

Chomvetsa chisoni n'chakuti anazipha ndi ukhondo. Virginia anakulira m'banja la mpingo wa Reformed lochokera ku Katete, ndipo mayi ake sankalola ngakhale kunsi kwa poto kugona ndi mwaye. Ndiye abwana atapita ku Ndola masiku atatu, iye anaona ndere pagalasi la thanki, mtima wake osapirira. Anaika nsomba m'beseni, nataya madzi onse. Anakwecha miyala ndi sopo, anachapa siponji ya makina osefera madzi mpaka inayera mbee, kenako anadzaza madzi atsopano a pampopi. Thanki inawala zedi. Kutacha, nsomba zonse zinali zitayandama mimba zili m'mwamba.

Nkhani inayenda pamafoni a amayi a ku Kabulonga msanga kuposa mwini wake. Anagogoda pamageti atatu, ndipo ponse anamufunsa ngati si iye uja anapha nsomba. Virginia anali mayi wamasiye wa ana awiri, ndipo ntchito yokha imene ankaidziwa inali yolowa m'nyumba za eni. Tsopano panalibe womukhulupirira kuti n'kumusiya yekha m'nyumba.

Ku msika wa Chilenje nakonso sanamuleke. Akamadutsa, amayi ogulitsa kapenta ankaphimba mabeseni awo ndi chitenje, uku akuuzana kuti abise nsomba chifukwa wopha nsomba uja wabwera. Ankaseka nawo, koma akafika kunyumba ankalira.

Chimene chinkamuwawa koposa n'chakuti sankadziwa chimene analakwitsa. Kodi ukhondo unayamba liti kupha? Tsiku lina anakumbukira dzina la sitolo limene linali pachitini cha chakudya cha nsomba zija. Anakwera minibasi ya m'tauni, nafunsafunsa kumbuyo kwa msewu wa Cairo mpaka anaipeza.

Mwini sitolo anali bambo Abson, mkulu wadazi, wamagalasi omangirira chingwe, amene ankalankhula mwaulemu ndi nsomba kuposa ndi anthu. Anamvetsera nkhani yonse, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Amai, imwe munalibe mutima woipa," anatero atapuma. "Munachapa maningi chabe."

Anamufotokozera kuti litsiro lofiirira la m'siponji muja mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya poizoni wotuluka m'zonyansa za nsomba. Ukatichapa tonse, nsomba zimasambira m'poizoni wawo womwe. Anatinso madzi a pampopi amakhala ndi kolorini, mankhwala abwino kwa munthu koma owotcha ziwalo zimene nsomba imapumira. Za sopo anangopukusa mutu.

Virginia anadabwa. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi akumenyana ndi litsiro, lero n'kumva kuti lilipo lina lothandiza. Koma mtima wake unapepuka, chifukwa tsopano ankadziwa. Asanatuluke anapempha ntchito, ina iliyonse. Bambo Abson anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, namupatsa tsache. Lamulo linali limodzi, lakuti asakhudze thanki iliyonse.

Anasesa miyezi itatu, makutu ali tcheru. Wogula aliyense akabwera kudzadandaula kuti nsomba yake yadwala, tsache linkasesa pamalo amodzi mpaka nkhani ithe. Bambo Abson anaona, ndipo tsiku lina anamukokera mpando patsogolo pa thanki ina.

Phunziro loyamba linali lovuta kuposa onse. Anamuuza kuti akhale mphindi khumi akungoyang'ana, osagwira kanthu. Mphindi ziwiri zisanathe, dzanja la Virginia linali litatulutsa kale kansalu kopukutira galasi. Bambo Abson anamulamula kuti akhalire manja ake enieniwo, ndipo mayi wamkulu, wa chigwirizano cha amayi kumpingo, anakhalira manja ngati mwana wa sukulu.

Atakhala chomwecho ndi pamene anayamba kuona. Nsomba yodzikhula pamiyala ndiye kuti china chake chikuiyabwa. Yopinda zipsepse n'kubisala pakona sikumva bwino m'thupi. Zonse zikasonkhana pamwamba zikupuma movutikira, vuto si nsomba koma madzi. Anaphunzira kusiyanitsa kachinthu koyera ngati thonje pachilonda ndi mchira wothothoka m'mphepete, komanso mimba yotupa imene imaimiritsa mamba. Anaphunzira kutunga madzi m'kabotolo, kudonthezamo mankhwala oyezera, n'kuyerekeza mtundu wake ndi mitundu ya pakhadi.

Bambo Abson sankalola botolo la mankhwala ochizira kutsegulidwa asanafunse mafunso atatu: chatsopano n'chiyani m'thanki, madzi anasinthidwa liti ndiponso ochuluka bwanji, nanga nsomba zikudya zochuluka motani. Ankati nsomba zambiri za mu Lusaka sizifa ndi matenda koma ndi chikondi cha eni ake.

Tsiku limene anamulola kutsuka siponji, anamuuza kuti angoifinya m'ndowa ya madzi a m'thanki momwemo, n'kuibwezera ikadali yofiirira. Virginia anachita zimenezo nkhope atayang'ana kumbali, akupepesa mayi ake mumtima.

Panatha zaka ziwiri. M'sitolo ankadziwa thanki iliyonse ngati chipinda chake, koma kwa ogula sankapita. Nthawi zonse ankapeza chifukwa. Choona n'chakuti ankaopa kulowanso pakhomo la eni n'kufunsidwa funso lija.

Mwezi wa Julaye, kukuzizira kwambiri ndipo magetsi akuzima maola ambiri tsiku lililonse, bambo Abson anatupa bondo mpaka kulephera kuyenda. Sabata yomweyo kunabwera foni yochokera ku kiliniki ya mano ya Dokotala Kalenga ku Woodlands. Kumeneko kunali thanki yaitali ngati bedi, yodzaza nsomba za kunyanja ya ku Mpulungu, imene ana ankayang'ana podikira kuti aiwale mantha. Nsomba zitatu zinali zitafa kale. Virginia anayesa kukana, koma bambo Abson anamupatsa chikwama cha zida.

"Yendani chabe," anatero. "Mukafika, munkalile manja."

Dokotala Kalenga anali mayi wachangu, wosakonda kubwereza mawu. Ataona kuti kwabwera Virginia m'malo mwa bambo Abson, nkhope yake inasintha pang'ono, ndipo zinafika poipa pamene mlendoyo anangokoka mpando n'kukhala chete patsogolo pa thanki. Odwala ankayang'anana. Wina anafunsa ngati mayiwo akupemphera.

Virginia anaona timadontho toyera ngati mchere pamatupi ndi pazipsepse, ndipo nsomba zinkadzikhula pamiyala. Matendawo anawadziwa, koma ankafuna kudziwa kumene alowera. Anayeza madzi, napeza kuti alibe poizoni. Anagwira galasi, linali lozizira ngati khoma lakunja. Kenako anafunsa Stephanie, mayi wolandira odwala, mafunso aja.

Stephanie anati amuna a dokotala anabweretsa nsomba ziwiri zatsopano masabata awiri apitawo, n'kuzithira mwachindunji. Atafunsidwa ngati thovu la makina opopera mpweya m'thanki limapitiriza magetsi akazima, anati ayi, thanki imangoti zii, chifukwa sola, magetsi a dzuwa, inalumikizidwa ku mpando wa dokotala ndi ku firiji basi.

Apo nkhani yonse inaoneka. Nsomba zatsopano zinabwera ndi tizilombo, ndipo hita yofunditsa madzi ikazima madzi ankazizira, nsomba za kunyanja yofunda n'kufooka, matenda n'kupeza mpata.

Dokotala Kalenga atamva za tizilombo anaganiza ngati dokotala. Analamula kuti madzi onse atayidwe, miyala iwiritsidwe, galasi ndi makina zitsukidwe ndi mankhwala ophera majeremusi, monga amachitira ndi zida zake. Anafunsa kuti zimenezi zitenga maola angati.

Kukana dokotala m'kiliniki yake yomwe si zamasewera, ndipo panali njira imodzi yokha yoti dokotalayo amukhulupirire Virginia. Njirayo inali kuulula chinthu chimene anachibisa zaka ziwiri.

"Ba dokota, vamene mukamba ine ninachitapo," anatero motsitsa mawu. "Ninachapa thanki ya bene ku Kabulonga mpaka inawala. Nsomba zonse zinafa, nchito inasila. Mukafuna kuchapa, itanani wina. Mukafuna nsomba zipole, nipaseni masabata awili."

Dokotala anati munthu wouza wogula zoterozo ndiye kuti ndi wopusa kapena ndi woona mtima, ndipo masabata awiri asonyeza.

Ntchito inayamba tsiku lomwelo. Anasamutsira pulagi ya thanki ku sola. Anakweza hita pang'onopang'ono kwa masiku awiri mpaka madzi anafunda bwino, nawonjezera mpweya, chifukwa madzi ofunda sasunga mpweya wambiri. Anachotsa makala a m'makina osefera kuti asamwe mankhwala, nathira mchere wosungunula kale pang'onopang'ono, pamodzi ndi mankhwala abuluu. Pakapita masiku awiri ankachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, akukoka ndi paipi zonyansa za pansi pamiyala, n'kubwezera madzi ochotsedwa kolorini. Siponji sanaikhudze.

Anachenjezanso kuti zinthu ziyamba zaipa. Kachilomboko kakakhala pansi pa khungu mankhwala sakafikira. Kamayenera kakhwime, kagwe pamiyala, kaswane, ndipo ana ake osambira m'madzi ndi amene mankhwala amapha. Kufunditsa madzi n'kukafulumizitsa kuti katuluke.

Kuchenjeza n'kosavuta, koma kuona ndi maso n'kwina. Tsiku lachitatu madontho anachuluka, ndipo nsomba ina inafa. Dokotala Kalenga anaimbira bambo Abson pamaso pa Virginia pomwepo. Mkuluyo anangoti zimene wanena Virginia ndi zomwe akananena iye, nadula foni.

Virginia anatuluka panja, nakhala pamwala, misozi ili pafupi. Mtima unkamuuza kuti achitepo kanthu, awonjezere mankhwala, asinthe madzi onse, chilichonse choti aoneke kuti akugwira ntchito. Anabwerera m'kati, nayezanso madzi ndi kufunda kwake, napeza zonse zili m'malo. Ndiye anachita chinthu chimene chinali chovuta kwa iye kuposa zonse. Anatseka chikwama, natsanzika.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, asanalowe n'komwe, Stephanie anamuthamangira pakhomo. Nsomba yaikulu ya mizere, ya chipumi chotukuka, imene ana ankaitcha Ahedi, inali itatuluka kuphanga kwake itatha sabata isanadye. Virginia anaponya tichakudya tiwiri. Ahedi anabwera monyada, nameza tonse, nayang'ana ngati akufunsa kumene kuli zina. Stephanie analulutira chapansipansi kuopa kudzidzimutsa wodwala amene anali pampando wa dokotala, ndipo ana awiri amene ankadikira kuzulidwa mano anawomba m'manja.

Dokotala anafuna kuti mankhwala alekeke poti madontho atha. Virginia anakananso, nati tizilombo totsala pamiyala tingabwerere. Anapitiriza mpaka masabata awiri anakwana, napempha kuti nsomba iliyonse yatsopano iziyamba yakhala payokha m'kathanki kena mwezi wathunthu. Palibe inanso imene inafa.

Tsiku lomaliza, akulongedza zida, Dokotala Kalenga anamuitanira m'ofesi. Anati akufuna kuti thanki ija izisamalidwa Loweruka lililonse masana, kiliniki itatsekedwa. Kenako anatsegula kabati ya tebulo lake, natulutsa makiyi awiri, ya geti ndi ya chitseko chachikulu, nawaika m'dzanja la Virginia.

"Nizankala neka muno?" anafunsa Virginia.

"Nanga mufuna ndani, ba Virginia? Ise tizankala ku nyumba. Imwe ndimwe muziba vochita."

Virginia anagwada pang'ono polandira, monga anaphunzitsidwira kwawo. Mu minibasi yobwerera m'tauni anafumbata makiyiwo njira yonse, akuseka yekha, misozi ikuyenda, mpaka kondakitala anafunsa ngati amai ali bwino. Anamuyankha kuti sanakhalepo bwino chonchi.

Lero Virginia amayenda Lusaka yonse ndi chikwama chake, ku Chelstone, ku Makeni, m'maofesi a ku Longacres, ndipo makiyi amene eni nyumba anamupatsa achuluka mpaka anawagulira kathumba kawokawo.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso pali chimene munaononga ndi manja anu, ndipo mukuganiza kuti palibe adzakukhulupirireninso. Pitani mukafunse kwa odziwa kuti munalakwitsa pati, phunzirani modekha, ndipo nthawi ikafika musachite manyazi kunena zoona. Alipo munthu amene adzakutsegulireni khomo lake ndi mtima wonse. Limbani, osataya mtima.