Fodya wa M'kansalu Kofiira

Azakhali anga a Philomene Dumas atumbula nsomba pa fakitale ya kudoko kwa zaka makumi atatu, mpaka zala zinakhota. Saopa munthu, ngakhale kapitawo amawalambalala. Chimene amaopa ndi mwambo wa mtundu wathu wa Akrii: ukalandira fodya m'manja mwa wopempha, wavomera kale, sungabwerere m'mbuyo.

Mwana wawo Charmaine anasowa mu Ogasiti. Nsapato yake imodzi inapezeka m'mabango pagombe. Apolisi anangoti, "Atsikana a kuno timawadziwa, mowa ukatha abwera." Azakhali anapempha boma chinthu chimodzi chokha, boti la makina oonera pansi pa madzi, nyanja isanaundane ndi kuzizira. Ikaundana mu Novembala sisungunuka mpaka Meyi. Makalata analemba, foni anaimba, koma kunali zii.

Kumapeto kwa Okutobala kunatera ndege ya alendo. Mayi wina wa boma, atavala ndolo zamikanda zonga zathu, anafika kunyumba atanyamula fodya m'kansalu kofiira, ndi manja awiri, monga anamuphunzitsira ku semina.

"Amayi, tabwera pa nkhani ya ana athu osowa."

Azakhali sanadikire kumva pempho lenilenilo. Anatambasula dzanja n'kulandira.

"Zikomo kwambiri! Ndiye mawa mutitsegulira msonkhano ndi pemphero."

"Nanga boti?"

"Zonsezo tikambirana mawa, amayi."

Atangotuluka ndinalephera kupirira. "Azakhali, m'bwezereni fodya wakeyo! Akupusitsani masanasana."

"Tseka pakamwa, Leona, mlomo ngati wa amako. Iyeyo sadziwa chimene wandipatsa, koma ine ndikudziwa chimene ndalandira."

M'mawa mwake anavala siketi yawo ya maliboni n'kuima kutsogolo m'holo ya sukulu. Anapemphera m'chinenero chathu, wojambula wa boma atawayandikizira kamera pafupi ndi mphuno kuti misozi ioneke bwino. Kenako alendo aja anayamba kulankhula. Boma lamva kulira kwathu. Boma lakhazikitsa komiti, ipereka lipoti pakatha zaka ziwiri. Boma limanga benchi yofiira padoko yokumbukira amayi ndi atsikana osowa. Za boti, pepani, nyengo yatha, tiona chaka chamawa.

Anadziombera okha m'manja, kenako anatiitanira ku tiyi ndi makeke. Mwana wa munthu ali m'madzi, anthu akufunsana ngati alipo wofuna shuga.

Mayi uja anabwera kudzawakumbatira azakhali. "Mwatidalitsa, amayi. Kodi muli ndi maganizo aliwonse pa za benchiyi?"

Azakhali anamuyankha manja ali m'mbali.

"Muiike moyang'ana kunyanja. Ndizikhalapo n'kumaona pamene mwamusiya mwana wanga."

Mayiyo anatsegula kabuku kake, nalemba mofulumira. "Maganizo abwino kwambiri," anatero akumwetulira.