Mpango Pamlomo wa Chikho

Ndinayamba sukulu ndevu zitamera kale. Ku mishoni, kumapiri a ku Ntchisi, ndinkakhala benchi yakumbuyo, mawondo ali m'chibwano, ana akunditchula kuti abambo. Mnzanga amene ndinaweta naye mbuzi anali atamaliza kalekale, ndipo ankathandiza mphunzitsi wachizungu wa zaulimi. Ankapita onse ku Kasakula panjinga yamoto, mnzangayo ali kumbuyo, atagwira mzunguyo m'chiuno. Akamadutsa pakwathu ankangokweza dzanja. Ine chondifika chinali fumbi.

Loweruka lina masana mzunguyo anaonetsa kanema m'kalasi yaikulu. Mazenera anawatseka ndi ziguduli za fodya, anyamata a chipani akuona makadi a chipanicho pakhomo. Kanemayo anali wa Chingerezi, choncho anaimika mnzangayo pambali pa nsalu kuti azimasulira. Nanenso Chingerezi ndinali nditayamba kuchitola, koma palibe anandifunsa.

Nkhani yake inali ya amuna awiri oyala njanji kudziko lozizira, wina wakuda, wina mzungu. Pantchitopo panali ndowa ya madzi ndi makapu awiri, ina ya azungu, ina ya akuda. Tsiku lina mzungu uja anamwera kapu ya mnzakeyo onse akuona. Azungu anzake analeka kumulankhula, kenako anamuswera mazenera. Pamapeto chitsulo chitamugwera mwendo, amene anamubereka kupita naye kuchipatala anali wakuda uja. Mnzanga ankamasulira mothira mchere, anthu akuseka ngakhale pomvetsa chisoni. Koma pa kapu paja anacheukira mphunzitsi wake amene anali pamakina. Ndinaona.

Potuluka ndinamuuza mnzangayo kuti zimenezo ndi za pansalu, mzungu weniweni sangamwere pamene pamwera munthu wakuda. Iye anaseka n'kundiuza kuti ndikuyankhula ngati munthu wa Sitandade 3, imenenso inalidi kalasi yanga.

"Muitane kwanu akamwe thobwa, tione," ndinatero.

Anamuitanadi. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tinakhala pakhonde atatu. Alamu anga, mkazi wa mnzangayo, anafunsa chapansipansi ngati abweretse kapu yachitsulo ija ankasungira alendo. Ndinayankha ndine, ngakhale nyumba sinali yanga, kuti bwenzi si mlendo, abweretse chikho.

Kwathu mwininyumba amayamba walawa, kuti mlendo aone kuti mulibe choipa, kenako chikho chimazungulira. Mnzangayo analawa. Akanayenera kupatsira mlendo, koma dzanja lake linazolowera ine kuyambira kubusa, ndipo chikho chinafikira kwa ine. Ndinamwa mosafulumira, thobwa likundiyenderera m'ndevu, n'kupereka kwa mzunguyo ndi manja awiri, mbali yomwe ndinamwera ili kwa iye.

Analandira ndi manja awirinso, monga anaphunzitsidwa. Anathokoza m'Chichewa. Kenako anapisa m'thumba, natulutsa mpango woyera, napukuta mlomo wa chikho kuzungulira konse, n'kumwa. Sindikhulupirira kuti anadziwa chimene wachita. Anayamikira thobwalo, anafunsa ngati linali la mawere kapena la chimanga chokha, anapinda mpango wake bwinobwino.

Alamu analowa m'nyumba. Mnzanga anayang'ana mpangowo, kenako anayang'ana ine. Anandipeza ndikumwetulira.

Ndaliganizira tsikuli nthawi zambiri. Mwina mzunguyo ankapukuta chomwecho ngakhale kwawo, pakati pa abale ake. Mwina ndevu zanga ndizo zinamunyansa, osati khungu. Munthu uja sanali woipa, anatiphunzitsa kupanga migula m'mapirimu, ndipo ina ilipo mpaka lero. Koma pa tsikulo zonsezi sindinazifune. Ndinkafuna mnzanga atsike panjinga ija abwerere kwa ine.

Kutsika anatsikadi. Ntchito anapitiriza mpaka mzunguyo atabwerera kwawo, koma ku Kasakula ankapita wapansi, akunena kuti njinga imamupweteketsa msana. Kanema wina atabwera anakana kumasulira, anati pakhosi pamuvuta. Anaimika ine. Ndinamasulira mophotchola, anthu akung'ung'udza kuti mwini wake ali kuti.

Sabata yotsatira ndinapita kwa mnzangayo, mtima uli m'malo, ndikuti tsopano tikhala ngati kale. Anandilonjera bwino, anandifunsa za sukulu, anandipatsa mpando m'malo mwa mphasa. Kenako anaitana mkazi wake.

"Amayi, apatseni thobwa achimwenewa. Mutenge kapu ija."

Mnzangayo anamwera chikho, ine kapu yachitsulo ya alendo. Inali yotsukidwa bwino. Tinakalambira mudzi umodzi, maliro ake ndinagona nawo pasiwa, ndipo zaka zonsezo ndikapita kwawo kapu ija inkandidikira pathandala.