Mayina Anali M'foni ya Achemwali

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko n'kudzuka. Tulo ta pamaliro ndi ta dzina chabe. Ndinali nditangotsamira khoma pakati pa amayi a Mvano, amene anachezera kuimba mpaka mawu kusasa. Bokosi la achemwali anga a Esinati linali pakati pa balaza la nyumba yathu ku Area 23, mipando yonse itatulutsidwa. Kunja kunali mphepo ya mu Julaye, ija yolowa mpaka m'mafupa. Azibambo anali atazinga moto wa chitsa kufupi ndi mpanda, ena atafunda zitenje za akazi awo mopanda manyazi.

Achemwali anagwa Lamlungu m'mawa akusita malaya a kutchalitchi. Pofika nawo kuchipatala n'kuti atapita kale, ndipo adokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Ndiwo anandilera chimwalirire amayi athu, ndipo ndinkakhala nawo. Tsiku loika linali Lachitatu.

Kutayamba kuyera ndinapita kuseri kwa nyumba kumene kunali mafuwa. Atsikana ankabwera ndi ndowa za madzi kuchokera kumpopi wa kumsika, chifukwa wathu unali utauma kuyambira dzulo lake. Utsi wa nkhuni zaziwisi unkatiliza ngakhale ife amene misozi inali itatithera. Ndikuduladula kabichi, mayi wina anadzakhala pambali panga natenga mpeni ngati wodzathandiza. Ndinawazindikira. Anali Mayi Mbewe, anzawo a achemwali a ku ofesi.

Achemwali ankagwira ntchito m'kabungwe kothandiza okalamba amene ali ndi ng'ala m'maso. Kabungweko kamawafufuza m'makwalala a Mgona, Chinsapo ndi Biwi, kuwalembetsa, n'kuwatengera kuchipatala tsiku limene adokotala a maso apereka. Woyendetsa masiku onsewo anali achemwali. Kale ankalemba pa kalendala ya pakhoma ndi m'buku lachikuto cholimba, koma anthu akapita kumudzi ankaiwala zimene zili pakhomapo, galimoto imodzi n'kulonjezedwa malo awiri. Choncho akuluakulu a bungwe anawatuma kuti asankhe kalendala ya pafoni ndi pakompyuta imene onse aziona limodzi.

Nkhani imeneyo inatidyera mtendere pakhomo kwa miyezi itatu. Madzulo aliwonse ankandilanda foni yanga yakale kuti ayeserepo, amvekere ikatheka pa chiphakasa chako ichi ndiye kuti itheka paliponse. Pulogalamu yoyamba inali yokongola koma yolemera, foni yanga inkangouma. Yachiwiri inkafuna netiweki nthawi zonse, ndipo achemwali anati kalendala imene imagona bandulo ikatha ndi ya mabwana, si ya munthu woyenda pansi ku Mgona. Yachitatu anaikonda. Kuti aiyese bwino anaitsegula pa foni yawo ndi imelo yawoyawo, naleka kulemba m'buku. Lolemba la sabata ya maliroyi ndilo linali tsiku loti akaionetse ku ofesi n'kuigawira anzawo onse.

Mayi Mbewe anayankhula motsitsa mawu, maso ali pa kabichi. “Pepani asisi, ndikudziwa kuti si malo ake. Mawa m'mawa okalamba khumi ndi anayi akuyenera kulowa opaleshoni. Aliyense anauzidwa poti akadikire galimoto, koma mayina ndi malowo zili m'foni ya malemu basi. Tikaphonya mawa, mwayi wina sitikudziwa kuti ubwera liti.”

Mpeni unandilemera m'manja. Foniyo inali m'sutikesi. Amalume athu, eni mbumba, atangofika kuchokera ku Ntcheu Lolemba anasonkhanitsa chikwama cha achemwali, makiyi, ziphaso ndi foni, natsekera zonse, kiyi n'kuika m'thumba la jekete. Kwathu katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale atakhala pansi, ndipo tsiku lokhala pansi linali Loweruka. Sindinkawaona olakwa. Pamaliro a amayi athu msuweni wina ananyamula wailesi thupi lisanatuluke, ndipo mpaka lero akamadutsa anthu amakodolana. Ine sindinkafuna dzina limenelo, la mng'ono amene anathamangira foni mkulu wake asanalowe m'nthaka.

Komabe ndinapita. Ndinawapeza amalume ali ndi amfumu a m'dera lathu, akukonza za oyankhula. Ndinadikira mpaka atatsala okha, ndinagwada, n'kufotokoza. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Iwe Felista, mkulu wako ali m'nyumbamo. Ukufuna anthu awa aone ine ndikutsegula sutikesi lero? Zakuntchito zidikire Loweruka.”

Ndinadzuka manyazi atandigwira mpaka kumapazi. Mayi Mbewe anangoona nkhope yanga n'kudziwa yankho.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika mwaunyinji. Masamba amene anyamata anaika pamsewu anali atapondedwa kale, ndipo a kabaza ankatsika panjinga n'kumakankha podutsa. Anabwera a kumpingo, a kumsika, a mabungwe ena atavala malaya olembedwa kumsana. Anabweranso anthu amene sindinkawadziwa, okalamba ovala magalasi akuda a kuchipatala, ena akuyenda okha monyadira ngati ana ongophunzira kumene kuyenda. Mphepo inkanyamula fumbi n'kulithira m'mbale. Akulu a ku ofesi anayankhula bwino, anati malemu anali mutu wa bungwe lonse. Ine mumtima ndinati mutu umodzi susenza denga, taonani lero denga lagwa.

Itakwana nthawi yoona nkhope, amalume anaima kumutu kwa bokosi. Mzere unali wautali. Chakumapeto kunabwera agogo ena aakazi, mpongozi wawo atawagwira dzanja. Maso awo onse anali oyera ndi ng'ala. Atafika pabokosi anapapasa galasi ndi zala, kenaka anawerama ngati aona kanthu.

“Mwanangu,” anatero, osakweza mawu, “ine ndimati akanditsegula masowa mawa, woyamba kumuona nkhope ukhala iwe.”

Mpongozi uja anawakoka pang'onopang'ono, mzere n'kupitirira. Ndinaona amalume akuyang'ana kudenga.

Tinanyamuka itangodutsa 1 koloko. Bokosi linakwera galimoto ya bungwe, yomwe ija imanyamula odwala, ife tili pambali pake. Kumbuyo kunali malole awiri ndi anthu oyenda pansi. Ogulitsa m'mbali mwa msewu ankaimirira, azibambo n'kuvula zipewa, ndipo maminibasi anapatuka osaimba hutala. Amayi a Mvano ankaimba nyimbo imene achemwali ankaikonda koma ankaiimba moipa zedi, moti ndinkawaseka.

Kumanda nthaka inali youma gwaa, yofiira. Anawaika pafupi ndi amayi, ngakhale kuti pakati panalowa kale manda a anthu ena awiri, poti m'tauni malo sadikira munthu. Dothi loyamba litagunda bokosi, azakhali anandigwira. Sindikumbuka amene anaika nkhata pambuyo panga. Ndikukumbuka Mayi Mbewe ataima patali, foni ili kukhutu, akuyesabe kufunsa kwa odzipereka a m'madera ngati wina akukumbuka dzina ngakhale limodzi. Pobwerera anandinong'oneza kuti apeza anthu atatu okha.

Kunyumba anthu anasamba m'manja, anadya, nayamba kutsanzika. Pofika chakumadzulo mabenchi a kutchalitchi anali atabwezedwa, pabwalo patangotsala phulusa ndi mapepala a maswiti. Ndinali kutsuka mapoto pamene azakhali anadzandiitana kuti amalume akundifuna m'nyumba, ndipo ndibwere nawo mayi a kuntchito aja ngati sanapite. Anali asanapite. Anali atakhala pa njerwa kuseri kwa bafa, osadziwa kuti akudikira chiyani.

Sutikesi inali pamkeka pakati pa balaza, pomwe panali bokosi. Amalume anaitana azakhali ndi mkulu wa mpingo kuti akhale mboni.

“Foniyi situluka m'nyumba muno,” anatero. “Felista atsegula pamaso pathu, awerenga mokweza, mayiwa alemba. Ikatha ntchito ibwerera momwemu. Aliyense wofuna kunena, adzanene ine.”

Foniyo inali itazima. Tinaiika patchaja, tonse n'kudikira kuti iyake. Nambala yotsegulira ndinkaidziwa, chifukwa ndinkawabera bandulo kawirikawiri iwo n'kumachita ngati sakudziwa. Kalendala inatseguka popanda netiweki, monga momwe ankafunira.

Ndinayamba kuwerenga za Lachinayi. Achemwali sankalemba ngati a mu ofesi. Pa dzina lina analemba kuti agogo a kuseri kwa chigayo, samva bwino, gogodani mwamphamvu. Pa lina anati abambo a pa mjigo, adzakana kukwera, auzeni kuti ndatuma ndine. Pa linanso anati asadye m'mawa, koma adzanama kuti sanadye. Azakhali anaseka kenaka analira. Ine ndinkangomva mawu a achemwali akutuluka m'kamwa mwanga. Mayi Mbewe ankalemba mofulumira kumbuyo kwa pepala la mwambo wa maliro.

Pa munthu womaliza panalibe nambala ya foni, choncho ndinabwerera m'mbuyo kufuna tsiku limene anamulembetsa. Ndinalipeza mu Meyi. Pa tsiku lomwelo panalinso mzere wina wokhala ndi kachizindikiro ka loko. Ndinalekeza kuwerenga.

“Werenga zonse,” anatero amalume.

Panalembedwa kuti: Ine, kuchipatala, za BP. Ndasuntha, lero ku Mgona. Ndinapita kutsogolo. Mu Juni unaliponso mzere womwewo, ndasuntha, galimoto yapezeka lero lokha. Kumayambiriro kwa Julaye, ndasuntha. Womaliza unali pa Lachiwiri la sabata yotsatira, ndipo pamenepo analemba kuti ulendo uno osasunthanso.

Palibe aliyense wa ife amene ankadziwa kuti ankadwala. Mayi Mbewe anagwira pakamwa. Anati tsopano amvetsa chifukwa chimene malemu ankaumirira kuti kalendala yoyenera ndi imene munthu angabisemo zake anzake osaziona, pamene iwo onse ankati m'kaofesi ka anthu asanu mulibe chobisa.

Ndinawakwiyira achemwali. Ndikunena poyera, chifukwa pa tsiku lonselo mkwiyo umenewo ndiwo unandipweteka kuposa dothi lija. Munthu amene ankandinena ine kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, amene ankadziwa agogo oti adzanama za chakudya, anasankha kalendala yoti aliyense aone tsiku la mnzake, lake lokha n'kulitsekera.

Amalume anatambasula dzanja, ndinawapatsa foni. Anaigwira kanthawi asanaibwezere m'sutikesi. Kenaka anatembenukira kwa Mayi Mbewe.

“Mayi, galimotoyo mawa isachedwe.”

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, pepala lija atalipinda n'kuliika m'bulauzi. Pobwerera ndinapeza nyumba ili zii. Azakhali anali atagona pamkeka osavula nsapato, amalume ali pakhonde okha. Ndinakhala pansi m'balaza lopanda mipando, kumvetsera ana a anansi akuitanidwa kukasamba. Mayina khumi ndi anayi onse anali atatuluka m'nyumba muno, ndipo mawa lake galimoto inali yoti ikawapeza mmodzimmodzi. Munthu wachikhumi ndi chisanu amene tinkafunika kupita naye kuchipatala tinali titamusiya kumanda masana.