Nyimbo Imene Sanailandire

Nditapita kukakhala kwa mwana wanga wamkazi ku Wigston, kudziko la azungu, iye ankalawirira kuntchito kuchipatala, ine n'kutsala ndi neba. Anali mzungu, nkhalamba inzanga, pamwamba dazi, kumbuyo kamchira ka imvi. Ankakhalira kukonza njinga yamoto imene sindinaimvepo ikulira, kaseti ikuimba m'galaja.

Pachikuto cha kasetiyo panali anyamata atsitsi lofufuma ngati nkhuku yofungatira, milomo yopaka, mathalauza othina. Ndinamufunsa ngati anali azilongo ake. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti anyamatawo anali gulu loimba, kale ankadzaza mabwalo, pano ngakhale wailesi inawaiwala, kupatula nyimbo imodzi yaphokoso. Imeneyo iye ankaidumpha. Yake inali ya kumapeto, yapang'onopang'ono, woimbayo akulira ngati mbuzi yoiwalidwa pamvula.

"Tsiku langa likadzafika, imeneyi," anatero, akuloza wailesi ndi sipanala. Ine ndinavomera, monga timavomerera zinthu.

Atamwalira ndinachita zakwathu: ndinapita kunyumba ya maliro osaitanidwa, n'kukhala pansi pabalaza. Mwana wake wamwamuna wa ku Oadby anandiyang'ana ngati ndabwera kudzawerenga mita ya magetsi. Ndinamuuza za nyimbo ija. Dzina la nyimboyo sindinkalidziwa, mawu ake ndinkangowamva ngati madzi m'paipi, choncho ndinangoiimba cham'mphuno. Anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti akudziwa kuti bambo ake ankalikonda gululo, ndipo asankha kale yotchukayo.

Mwambo unali kumalo owotcherako mitembo. Anaika yaphokoso ija, anthu akuyang'ana nsapato zawo. Mumtima mwanga munalibe kanthu, chisoni kaya mkwiyo. Ndinkangomva bondo kuwawa.

"Adadi, musayerekeze," ananong'ona mwana wanga atamva ndikukonza kukhosi. "Kuno sayambitsa nyimbo. Musandiembarase."

Kwathu ukayambitsa nyimbo pamaliro, ngakhale mawu ako akhale a chule, amayi amailandira. Yaphokosoyo itatha ndinaimirira n'kuyamba ya neba, mawu ndikupeka ndekha. Ndinasiya mpata paja anthu amalandirira. Zii. Mayi wina anatsokomola. Ndinapitiriza mpaka pamene gitala imalowa, ndipo poti gitala sindidziwa kuiliza ndi pakamwa, ndinakhala pansi.

Katani inatseka bokosi. Bambo wa suti anatitsegulira chitseko cha m'mbali, chifukwa kutsogolo kunali anamfedwa ena akudikira nthawi yawo.