Mayenje tsidya lino, mbande tsidya lija

Chaka chimene mzungu wa pamunda paja anazula khofi wake wodwala n'kunena kuti tsopano adzala tiyi, ine ndinali nditangokwatiwa kumene. Tinali titawoloka Ruo dzinja lapitalo pothawa Apwitikizi, ndipo malo omangapo nyumba tinawapeza pamunda pomwepo, m'munsi mwa phiri, malipiro ake ali manja athu. Amuna anga anali m'gulu la okumba mayenje. Ine ndinali m'gulu la amayi osenza mbande za tiyi kuchokera ku nazale, iliyonse itakulungidwa ndi dothi lake m'tsamba la nthochi.

Gulu lililonse linali ndi kapitawo wake. Wathu anali bambo wamtali, woyenda ngati wameza mtengo. Wa okumba anali wamfupi, wamimba, wa mawu aakulu. Awiriwa sankayankhulana. Mzungu anapatsa wamtaliyo jekete lake lakale la mabatani amkuwa, wamfupiyo n'kumupatsa lipenga loitanira anthu kuntchito, koma sananene kuti wamkulu ndani. Wamfupi ankati wamkulu ndi iye chifukwa lipenga limadzutsa aliyense, ngakhale wovala jekete. Wamtali ankati kuliza lipenga ndi ntchito ya tambala. Akakumana panjira, aliyense ankapeza chinthu chofunika kuchiyang'ana kutchire.

Munda watsopanowo unali pa zitunda ziwiri, pakati pake podutsa kamtsinje kowirira nsungwi, moti uli tsidya lino sungaone za tsidya lija. Mvula yoyamba itagwa, mzungu anaitana akapitawo pakhonde pake, aliyense payekha popeza ankadziwa kuti sagwirizana. Analoza ndi ndodo chakuphiri n'kunena m'Chinyanja chake chothyokathyoka kuti ntchito iyambe uko, msanga. Ukaima pakhondepo, zitunda zonse ziwiri zili "uko". Palibe anafunsa kuti chiti, chifukwa kufunsa kukanaonetsa kuti sumva bwino zonena za bwana, mnzako n'kukuposa. Wamfupi anatengera amuna ku chitunda cha kumanzere. Wamtali anatitengera ife ku cha kumanja, natiuza kuti tiziyala mbande pansi pa mitengo ya mbawa kudikira mayenje.

Ife tinazizindikira tsiku loyamba lomwelo. Tikuweruka, amuna anga anayamba kudzitama kuti akumba mayenje mpaka khasu kutentha. Ndinawafunsa kuti mayenjewo awabisa kuti, poti ife tsiku lonse sitinaone ngakhale limodzi. Anaima panjira, kundiyang'ana, kenako tinaseka mpaka ine kukhala pansi.

M'mawa mwake ndinagwada pamaso pa kapitawo wathu n'kuwauza kuti mayenje ali tsidya lina. Anayankha kuti akudziwa, ndipo wokumba molakwika ndi amene ayenera kuwoloka. Amuna anga atauza wawo, yankho linali lomwelo, kungolitembenuza. Kwa mzungu sitikanapita, chifukwa wantchito wamba sankakwera khonde osadzera kwa kapitawo. Ndiye tsiku ndi tsiku awiriwo ankapita kukanena kuti ntchito ikuyenda bwino, ndipo palibe ankanama. Mayenje ankakumbidwadi, mbande zinkasenzedwadi.

Tsiku lachitatu mvula inadula, dzuwa n'kuswa mtengo. Pofika lachisanu mbande zoyamba zija zinali zitagwetsa makutu. Kunena zoona, tiyi wa mzungu sindinkamumvera chisoni. Chimene chinkandiwawa n'chakuti zikafa, makosi athu omwewa ndi amene adzasenzenso zina kukwera chitunda chomwecho, ndipo adzati amayi a Chilomwe ndi aulesi.

Lamlungu tikusenda chinangwa pabwalo, ndinauza amuna anga zimene ndinaganiza. Poyamba anakana, akuti ndiwagwetsera m'moto. Ndinawakumbutsa kuti mayenje awo akayamba kukwiririka ndi mvula, adzakumbanso ndi iwo. Kenako anafunsa kuti iwo akanene chiyani.

Lolemba m'mawa ndinatula dengu, n'kuyandikira kapitawo wathu ndi nkhope yachisoni.

"Pepani a kapitawo, pali mawu ndamva, koma ndikuopa kunena."

Anandiuza kuti ndinene.

"Anzanu aja akuuza amuna kumunda kwawo kuti jekete mwavalali bwana ankayalira galu wawo. Akuti n'chifukwa chake galuyo amakutsatirani."

Galuyo ankawatsatiradi, koma chifukwa cha nsomba zouma zimene ankayenda nazo m'thumba. Nthawi yomweyo, tsidya linalo, amuna anga ankauza wamfupi kuti wamtali akuti lipenga likamalira iye amangoganiza kuti ng'ombe ya bwana yadzimbidwa.

Kapitawo wathu anamanga mabatani onse mpaka pakhosi n'kulunjika kumtsinje. Ndinauza amayi anzanga kuti si ulemu kusiya mkulu wathu akuyenda yekha, komanso si bwino kusiya mbande za bwana padzuwa. Tinasenza madengu n'kuwatsata pamzere, madzi akutifika m'mawondo.

Akapitawo awiriwo anakumana pamwamba pa mtsinje, m'mphepete mwa munda wa mayenje. Anayamba ndi za galu ndi ng'ombe, n'kupitirira mpaka kwa agogo awo. Ife tinangodutsa pambali. Mayi aliyense anapeza dzenje, kumasula tsamba, kuikamo mbande, amuna n'kumakwirira ndi kupondereza. Ena anathamangira kumtsinje ndi mitsuko. Pamene awiriwo mawu ankawasasa, tinali titabwerera kawiri kukatenga zotsala, ndipo mizere yobiriwira inali itafika pakati pa chitunda.

Phokosolo linafika kunyumba ya mzungu, ndipo anabwera atakwera bulu. Ataona mizereyo anasangalala, nafunsa kuti nzeru yogwirizanitsa magulu inali ya yani. Akapitawo onse awiri anayankha pamodzi kuti yawo. Ine ndinali kumbuyo, ndikuluma nsonga ya nsalu kuti ndisaseke.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Mbande zimene zinagona masiku ambiri pansi pa mbawa zinauma pafupifupi zonse, ndipo mzungu atafufuza anamva za zitunda ziwiri zija. Mankhwala ake anali kuitanitsa kapitawo wachitatu ku Blantyre, wodziwa kulemba, kuti akhale pamwamba pa awiriwo. Munthuyo Chilomwe sankachimva, ndipo malamulo ankawalemba papepala. Wamtali ndi wamfupi onse sankadziwa kuwerenga, ndiye m'mawa uliwonse ankakhala pachitsa chimodzi kulitembenuza pepalalo uku ndi uku, kukambirana zimene mwina likunena. Umo ndi mmene anayambira kugwirizana, ndipo umo ndi mmenenso anatulukira kuti za galu ndi ng'ombe palibe mwa iwo ananena, tinazipeka ndife.

Kapitawo wathu sanandikalipire. Anangondipatsa mzere wakutali kwambiri, wa pamwamba pa chitunda, mwezi wathunthu. Amuna anga kapitawo wawo anawatumiza kukakumba pamiyala, ndipo masiku onsewo ankabwera kunyumba ndi matuza m'manja, akundiuza kuti tsiku lina ndikadzakhalanso ndi nzeru ndidzayambe ndawafunsa amayi anga. Mwezi utatha ndinali ndi pathupi pa mwana wathu woyamba, ndipo anandichotsa kosenza n'kundiika kopalira ku nazale.