Bambo amene anatola masamba pamsewu

Chiyambireni ntchito yokonzanso bwalo la mpira kwathu kuno ku Mitundu, msewu wathu unasanduka wa malole. A mchenga ndi a njerwa amangodutsa ndi liwiro, ena amaima pakhomo penipeni pa anthu, a kabaza n'kumapatukira m'mbali momwe mumayenda ana a sukulu.

Ndili ndi mnansi wanga, mphunzitsi wopuma pantchito, amene sindidziwa komwe amatenga mphamvu. Ana akamapita kusukulu ndi poweruka, iwo amaima pamphambano atavala jekete yawo yakale, fumbi lili mbuu, dzanja lili m'mwamba. Sakalipira munthu. Dalaivala akaima, amamuyandikira n'kumuuza kuti, "Pang'onopang'ono achimwene, mpira sunayambe."

Tsiku lina amayi ogulitsa tomato pafupi ndi bwalolo anatopa nazo. Anathyola nthambi za masamba n'kuyala pamsewu monga timachitira pakagwa maliro. Zinathekadi. Malole anayamba kukwawa, dalaivala wina mpaka anavula chipewa.

Aphunzitsi aja atafika anafunsa modzidzimuka kuti, "Watisiya ndani?"

Amayiwo anawafotokozera akuseka, koma iwo sanaseke nawo. Anawerama ndi msana wawo wovutawo n'kutola nthambi zonse.

"Amayi, anthuwa akadziwa kuti mwawanamiza, tsiku limene mudzanyamule ine adzangoponda masambawo osacheuka," anatero.

Aphunzitsi anakataya nthambizo kuseri kwa mpanda wa bwalolo, nabwerera pamphambano paja, n'kukwezanso dzanja.